Kalata ya ku Joni, nkhani ya bulubala ija

Biwi, Lilongwe
Lamulungu madzulo

Aise,

Kalata yako inandipeza Lachinayi, anabwera nayo mlamu wako pamodzi ndi nsapato zija. Zikomo. Zikundithina chala chachikulu, koma ndikuvalabe, chalacho chizolowera. Ndikuyankha papepala chifukwa foni yanga inagwera m'beseni la oyilo wakuda, ndipo chiyambire tsikulo aliyense woimba amamveka ngati ali pansi pa chitsime. Mapepalawa ndathothola m'buku la malisiti la pagalaja. Usadandaule, silikutha msanga bukuli, malisiti ake sakulembedwa.

Kuno tilipo. Mayi a Tadala akupereka moni, akuti uwauze alamu kuti mapoto aja anafika koma chivundikiro chimodzi chinasowa panjira. Amayi anagonekedwa sabata ziwiri mwezi watha, shuga yemwe uja, pano ali kwa achemwali ku Area 25. Ndikufotokozera bwino kutsogoloku.

Wandifunsa ngati tikukwezabe magalimoto ngati kale. Nditawerenga pamenepo ndinaseka mpaka Spana, mnyamata wathu wa pagalaja uja, anatuluka pansi pa minibasi kudzaona ngati ndapenga. Iwe, chaka chino chonse ndakweza galimoto yeniyeni imodzi. Imodzi! Nayonso inali Hilux yakale ya abusa ena a ku Ntchisi, masipuling'i ake anali atagona, ndinangowonjezera tsamba limodzi mbali iliyonse. Kumeneko si kukweza, n'kudzutsa wodwala.

Ndiyambe ndi bulubala, chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto chija, poti ndi imene ikundisowetsa tulo. Mu 2022 kunabwera bwana wina ndi Hilux yatsopano, ya injini ya 2.8 ija, mapepala apulasitiki akadali pamipando. Anati akufuna chitsulo chakutsogolo cholimba, poti ali ndi munda ku Mchinji ndipo mbuzi za m'njiramo sizidziwa hutala. Ndinayeza, ndinagula paipi yochindikala, ndinapinda pa makina athu aja, ndinawotcherera masiku anayi, ndinapaka penti wakuda mpaka kumadziona nkhope. Aise, chinthu chimenechi sindinapangepo chokongola chotero. Tsiku lodzamanga, bwana uja anabwera wapansi, galimoto atasiya kunyumba. Akuti anakafunsa kumene anagula, ndipo anamuuza kuti akangomangapo chitsulo cha kwa owotcherera, galimoto ikadzavuta asadzabwerere kwa iwo, walanti yatha pomwepo. Anandipatsa ya paipi yokha, n'kumapepesa ngati wafika pamaliro.

Poyamba ndinkati akungomuopseza kuti azigula kwa iwo. Kenako Spana anandionetsa. Magalimoto a masiku ano kutsogolo kwake kuli maso. Ena kuseri kwa chizindikiro cha pagirilo kuli kachipangizo koyeza mtunda wa galimoto ili patsogolo, m'bampala muli timabatani tolira ukayandikira khoma, kwinaku kamera. Ndiye pali zikwama za mpweya zija zophulika pangozi. Kompyuta imayembekezera kuti mphuno ya galimoto ifwanyike mwa muyeso wake kuti idziwe nthawi yophulitsa. Ukaikapo chitsulo changa chosagonja chija, mawerengedwe onse asokonekera, chikwama chitha kuphulika nthawi yolakwika. Kunena zoona, pamenepo sindingatsutse. Sindikufuna munthu adzafe ndi luso langa. Koma zimawawa.

Bulubalayo ndinaisunga pagalaja chaka chathunthu, aliyense wolowa n'kumaigwiragwira, kufunsa mtengo, n'kumapita. Eni malo atayamba kudandaula kuti ikutsekereza njira, ndinailemba ganyu ya ngolo mpaka ku Kawale. Pano ili kuseri kwa nyumba, ndipo mayi a Tadala amayanikapo matewera a mdzukulu. Akuti sanaonepo chingwe chabwino chotere, sichigwa ngakhale kubwere mphepo yotani. Pansi pake nkhuku yaikirapo mazira kawiri konse. Apongozi atabwera kuchokera ku Dowa anaiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati ndi khola la ng'ombe lomwe ndinalephera kumaliza. Tsopano akalemba uthenga amafunsa kaye za kholalo asanafunse za ana. Ndikamwalira mudzaiike pamanda anga, aise, bola idzatchinge mbuzi kumeneko.

Ukukumbukira mmene zinkakhalira fodya akagulitsidwa ku Kanengo? Eni maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji ankandanda pano kuyambira mwezi wa Meyi. Uyu akufuna kaliyala ya padenga, uyu thanki yachiwiri ya dizilo, uyu magetsi anayi akutsogolo owala ngati bwalo la mpira. Azungu a mishoni ndi Land Rover zawo, madalaivala a mabungwe ndi Land Cruiser za injini ya 1HZ zija, 4.2 yopanda tebo, yoti ukaithira dizilo wa m'chigubu imangomeza osafunsa. Galimoto imeneyo unkaiboola paliponse, kuwotcherera pachesisi, kudula, kulumikiza, iyo duu. Waya wake unkatha kuwawerenga ndi zala. Paja tinamanga winchi pa Land Rover Defender ya mnzathu Bigi usiku umodzi ndi tochi, m'mawa mwake n'kupita kukaiyesa ku Dzalanyama, n'kutitimira m'dambo mpaka zitseko. Mtengo womangirira chingwe unali kutali, iwe n'kukumba dzenje kukwirira tayala la sipeya kuti tikokerepo. Unatuluka m'matope muja maso okha akuoneka. Chithunzi chimenecho Bigi akadali nacho, amati adzachionetsa pa ukwati wa mwana wako.

Defender yeniyeni ija anasiya kupanga mu 2016. Yatsopanoyi ndinaionapo imodzi pa Gateway Mall, ndinaizungulira kawiri kufunafuna poti munthu angagwirepo ndi sipanala, sindinapapeze. Pajero nayo anasiya mu 2021. Yatsala Land Cruiser 79, koma nayonso pano akuika 2.8 ndi giya ya otomatiki. Ndinamva ngati andiuza kuti agogo ayamba kuvala jinzi.

Komatu usaganize kuti ndi mawaya okha. Nkhani yaikulu ndi thumba. Iwe uli kumeneko, mashokapu a Old Man Emu kapena kaliyala ya Front Runner umangolowa m'sitolo n'kuloza. Kuno chilichonse chotere chimafuna ndalama zakunja, ndipo ndalama zakunjazo ndiye mankhwala osowa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, tisanapume n'komwe anaigwetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo umenewo ndi mtengo wa kubanki, kumene ukapita amakuuza kuti ubwere mawa. Uwonjezepo thiransipoti ndi msonkho wa paboda. Munthu akawerengera matayala asanu a BFGoodrich amapeza kuti ndi fizi ya ana awiri. Amangopita kukagula matayala wamba, ena mpaka ogwiritsidwapo kale ntchito, n'kumapemphera.

Ndiye mafuta. Amene anagonapo pamzere wa pafilingi siteshoni usiku wonse, udzudzu ukumuimbira, sangabwere kwa ine kudzapempha kuti galimoto yake izimwa kwambiri. Paja tinkawauza makasitomala monong'ona, kapena osawauza n'komwe, kuti tayala lalikulu, chitsulo kutsogolo, kaliyala pamwamba ndi winchi, zonsezo ndi katundu amene injini imasenza tsiku lililonse, ngakhale ukungopita kukagula buledi. Kale ankangogwedeza mutu n'kulipira. Pano amabwera ndi mafunso a malita. Mwezi wa Juni wina anabwera kudzandilipira kuti ndichotse kaliyala yomwe ndinamuikira ndekha zaka zapitazo. Ndinamasula mabawuti anga omwe, ndi manja anga omwe. Ndalama ndinalandira, ndisaname, koma nsima sinatsike bwino tsiku limenelo.

Chinanso chimene sitinkachiona chikubwera, chakudza sichiimba ng'oma, n'choti mafakitale anatibera ntchito. Zimene tinkamanga ife pano akumangiratu konko. Difu loko yakumbuyo, yopangitsa matayala onse awiri kukoka pamodzi m'matope, kale inali nkhani yoitanitsa ndi kudikira miyezi, pano ndi kabatani pafupi ndi giya. Ford Ranger Raptor imabwera ndi mashokapu a Fox, yokwera kale, matayala onenepa kale. Hilux ili ndi GR Sport yake. Land Cruiser 79 paipi yopumira m'mwamba ija imabwera nayo. Zina mwa zimenezi akupangira kwanu konko, Ranger ku Pretoria, Hilux ku Durban, choncho ukadutsa pafakitale uwauze kuti kuli munthu ku Biwi amene akuwadandaula. Munthu wa ndalama amangosankha yokwera mtengo pa shelefu, zonse zili m'walanti, banki n'kulipira. Ndipo galimoto ya ngongole mwini wake weniweni ndi banki. Ungaiboole bwanji galimoto yomwe sunamalize kulipira? A inshuwalansi nawo akapeza kuti unasintha zinthu osawauza, tsiku la ngozi amakuonetsa kamzere kakang'ono kamene sunawerenge.

Ndipo kukweza kwenikweniko, magalimoto atsopanowa sakukonda. Kutsogolo kulibenso ekiselo yathunthu ngati ya Land Cruiser. Ukapitirira masentimita asanu, ma CV, mfundo zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo zija, amagwira ntchito atapendekeka, malaba ake n'kumang'ambika, matayala n'kumadyeka mbali imodzi. Tayala likakula, sipidomita imanama, imaonetsa liwiro lochepa pomwe ukuthamanga, ndiye ukakumana ndi kamera pamsewu wa Salima ukafotokoze kuti wolakwa ndi makaniko wa ku Biwi. Mmodzi anabweradi kudzandilipiritsa chindapusa chake. Ndinamupatsa mpando ndi madzi akumwa.

Nanga akupita kuti kumene kukufunika zonsezi? Msewu wa Kasiya uja tinkavutika nawo dzinja lililonse, pano ndi tala mpaka ku Santhe. Mukabwera simudzauzindikira mzinda, pa Area 18 pali msewu wodutsa pamwamba pa unzake, msewu wa Kenyatta anaukuza mpaka mizere isanu ndi umodzi. Sindikunena kuti matope anatha, ayi. Pita ku Nyika kudzera ku Rumphi mvula ikugwa ukaone, ngakhale kuno kwathu kulowa m'makwalala a ku Area 36 mu Febuluwale ndi ulendo. Koma amene amapita kumatope enieni, alimi, azaumoyo, ogula soya ndi mtedza, alibe ya zokongoletsa, akungomangirira ndi waya kuti ifike. Ena angosiyiratu, akukwera njinga zamoto za kabaza. Amene ali nayo ndalama, Prado yake imadziwa njira ya ku ofesi, ya ku tchalitchi ndi ya ku ukwati Loweruka. Giya ya low range, yokokera m'matope ndi m'mapiri ija, chigulireni sanailowetsepo. Wina ndinamufunsa ngati imagwira, anandiyankha kuti amaopa kuigwira ingawonongeke.

Spana ndiye akudya bwino. Anagula kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, kamauza foni chimene chikuvuta. Amafika ndi malaya oyera, kudinadina, kuzimitsa kagetsi ka padashibodi, n'kulandira ndalama imene ine ndimaipeza nditapsa ndi moto tsiku lathunthu. Mwana amene tinamuphunzitsa kusiyanitsa sipanala ya 12 ndi ya 13! Pano akuti andiphunzitsa. Ndinayesa tsiku lina, zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere, magalasi anga anathyoka mwendo ndipo ndinaumanga ndi waya wa koyilo. Amandilemekezabe, amati madala, koma ndimaona mmene amandiyang'anira ndikatenga nyundo pafupi ndi galimoto yatsopano. Amathamangira kukachotsa batire ndisanayatse n'komwe makina owotcherera, akuti ndingapsereze kompyuta.

Ine pano ndikuwotcherera mageti, mawindo otchinga akuba, mbaula, ndi ma eksozi a Sienta. Sienta, aise! Zadzaza mzinda wonse, zimanyamula anthu asanu ndi atatu ndi matumba a makala, mimba n'kumakhula pansi pa hampu iliyonse. Eni ake ndi okhawo amene amandipempha kuti ndikweze kumbuyo pang'ono. Ndiye ukafunsa ngati tikukwezabe magalimoto, eya, tikukweza Sienta. Usamuuze Bigi.

Ndodo zowotcherera zakweranso, ndipo za masiku ano zimangothetheka osagwira. Magetsi akazima m'mawa amabwera ine nditavula kale ovolosi. Galu wa aneba anatafuna chingwe cha gilayinda. Iiih, ndikanaiwala, Tadala tikumupangira chinkhoswe mwezi wa Okutobala, mnyamata wake ndi wa ku Nkhoma, amagwira ntchito ya zamakompyuta, waulemu ndithu. Atabwera koyamba kunyumba anaona bulubala ija n'kufunsa kuti kodi n'chochitira masewero olimbitsa thupi. Ndinatsala pang'ono kubweza ankhoswe.

Madala aja anatiphunzitsa kupinda paipi anatisiya mu Epulo, sindikudziwa ngati unamva. Tinakaika ku Mitundu. Bokosi linakwera Land Cruiser yawo yomwe ija, ya kaliyala imene tinapanga atatu, iwe ukugwira, ine ndikuwotcherera, iwo akutukwana. Siinachite dzimbiri ngakhale pamodzi. Ndinayenda nayo kumbuyo ndikuyang'ana mfundo zathu zija, mpaka anthu ankaganiza kuti ndikulira maliro, pomwe mwina ndinkaliradi, kaya.

Tsono tamvera. Kumeneko akuti azungu a mapulazi ndi anyamata opita ku Botswana ndi Namibia akadali ndi chilakolako chomanga zinthu pa magalimoto awo akale. Tandifufuzira ngati pali wa Hilux amene sasamala za walanti. Ndikhoza kuidula pakati bulubalayi, ikwere basi ngati katundu wamba, iwe ukailumikize konko, dzanja lako ndimalidziwa. Vuto ndi mayi a Tadala, akuti ikachoka ndiwagulire kaye chingwe china cholimba chimodzimodzi, komanso nkhuku yayambanso kufungatira, ndiye tidikire kaye masiku 21. Za amayi zija ndimati ndikuuze, adokotala ananena kuti mwendo wakumanzere uja, pepala landithera, ndilembe m'mphepetemu, akuti ngati bala silipola pofika