Atiuze tsiku lenileni losinthira foni

Akonzi,

Makampani a mafoni kuno ku South Africa azilemba poyera tsiku limene munthu wa kontrakiti, amene amalipira foni yake mwezi ndi mwezi, angatenge foni yatsopano, osati kumangotikopa ndi mauthenga.

Ine ndi mayi akunyumba tili m'makampani osiyana. Iwo akatsegula app, tsiku lawo limaoneka pamwamba penipeni, pamodzi ndi ndalama zotsala. Kwanga kumangobwera SMS yoti nthawi yosintha foni yakwana. Koma ndikalowa pa intaneti ndimakapeza timalemba ting'onoting'ono tonena kuti ndikasintha panopa, ngongole ya foni yakale ndilipirabe, ndipo kontrakiti yatsopanoyo ndi ya miyezi 36, osati 24. Nanga bwanji osanena zimenezi mu SMS momwemo?

Lamulo loteteza ogula la 2008 limati kampani idziwitse kasitomala kutatsala masiku ogwira ntchito 40 mpaka 80 kuti kontrakiti ithe. Koma kudziwitsa kwake kukakhala kozungulira chonchi, sikutithandiza.

Bungwe la ICASA, loyang'anira makampani a mafoni kuno, likakamize kampani iliyonse kuika patsamba loyamba la app tsiku losinthira, ngongole yotsala ndi kutalika kwa kontrakiti yatsopano.

Wowerenga wanu,
Johannesburg