Galimoto siipambana ndi horsepower yokha

Akonzi,

Ndine makaniko, kwathu ndi ku Mulanje koma ndimagwira ntchito m'galaja ina kuno ku Johannesburg. Chimene chandilembetsa ndi mkangano wa anyamata okonda magalimoto amphamvu a ku America otchedwa Mustang, Camaro ndi Challenger. Akakumana, funso lawo limakhala limodzi: ili ndi horsepower zingati? Horsepower ndi muyeso wa mphamvu ya injini, ndipo wa nambala yaikulu ndiye wapambana, nkhani yathera pomwepo.

Sindikunyoza mphamvu ayi. Dodge Challenger Hellcat ya 2015 ili ndi horsepower 707, ndipo pa msewu woongoka ndi chilombo. Koma imalemera matani awiri, ndipo kulemera konseko kumafunika kuimitsidwa ndi kukhotetsedwa pa kona iliyonse.

Taonani zimene zinachitika ku Nürburgring ku Germany, msewu wa mipikisano ya magalimoto wa makilomita 20.8 wa makona oposa 70. Camaro ZL1 ya horsepower 580 inazungulira pa mphindi 7 ndi masekondi 41. Kenako Chevrolet, kampani yopanga Camaro, inabweretsa Camaro Z/28 ya 2014, ya horsepower 505 zokha, ndipo inazungulira pa mphindi 7 ndi masekondi 37, kwinaku mvula ikuwaza. Anaichepetsa kulemera, mpaka air con inali ya amene waifuna. Anaiika mabuleki a Brembo a carbon ceramic (opirira kutentha), mashoki a Multimatic, ndi matayala a Pirelli a mamilimita 305 m'lifupi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndi zimenezi zimene zinadya masekondi aja.

Ine ndinazionera pa benchi yanga. Bwana wina anabwera ndi Mustang GT ya injini ya malita 5.0 kuti timuikire supercharger, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini. Ndinamupempha kuti tiyambe ndi matayala, mapadi ndi mafuta a mabuleki osawira msanga. Anati ndalama yake akufuna aimve akaponda moto. Tinamuikira. Loweruka lina anapita nayo ku Kyalami, bwalo la mipikisano ya magalimoto, ndipo atangozungulira kangapo pedulo ya buleki inafewa n'kumira pansi. Mwamwayi anaima pabwino. Lolemba nditachotsa tayala, disiki inali itasanduka ya buluu ndi kutentha, mapadi akununkha kupserera, mphira wa m'mphepete mwa matayala akutsogolo utatha ngati wapalidwa ndi mpeni. Mtima unandipweteka, chifukwa dzanja limene linamanga injini ija ndi langa. Kuyambira tsiku limenelo sindiwonjezera mphamvu pa galimoto imene mabuleki ake sindinawakonze.

Ngakhale a Ford, opanga Mustang, anazindikira zimenezi. Mustang ya 2015 anaisiyitsa ekiselo yakumbuyo ya chitsulo chimodzi, kuti tayala lililonse lizitsata msewu palokha likagunda bampu pakati pa kona.

Pempho langa, Akonzi, ndi lakuti mukamalemba za magalimoto amenewa muzitiuzanso kulemera kwake, matayala amene yavala, ndi mtunda umene imatenga kuti iime kuchokera pa liwiro la makilomita 100 pa ola.

Makaniko wa ku Mulanje,
Johannesburg