Kalata yochokera ku Dubai

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda, kutentha kokha ndi kumene sikuzolowereka. Ndalama ya feteleza ndatumiza pa foni ya achemwali, muwauze agule msanga mitengo isanakwerenso. Za fizi ya mng'ono wanga ndiona mwezi wamawa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula ndi mafunso akuti ndikudya mokwanira kapena ayi, ndiye nkhani yanga simaliza. Iyi ndikufuna muimve yonse, achemwali akuwerengereni madzulo mutakhala pansi.

Loweruka lapitali ndinapita ku shoo. Musayambe kudandaula, sindinalawe chilichonse choposa madzi, ndipo Lamlungu ndinadzuka nthawi yake. Anzanga a kukhitchini ya hotelo yathu ambiri ndi ochokera ku Philippines, ndiye kunabwera bandi kuchokera ku Manila, likulu la dziko lawo, kudzaimbira anthu akwawo. Tikiti inali yodula kwa munthu wa malipiro ngati anga, koma iwo anasonkherana n'kundigulira. Mayi wina amene timagwira naye ntchito, wamkulu ndithu, anati munthu sangamatsuke nawo mapoto chaka chonse osamva nyimbo zawo.

Tinakwera sitima ya Metro. Isanafike n'komwe, mkati monse munali anthu awo okhaokha, atavala malaya akuda, akuimba kale. Kuno ku United Arab Emirates alipo ochuluka zedi, moti mukadutsa ku Satwa kapena ku Karama mutha kuganiza kuti mwafika kwawo.

Nyimbo zake ndi za rock, zija za magitala amagetsi olira mokalipa ndi ng'oma zomenyedwa mopanda chisoni. Atangoyamba ndinamva besi ikugunda m'chifuwa, ndipo ndinaganiza kuti makutu anga sabwerera kunyumba. Nyimbo ziwiri zoyambirira ndinangoima chilili, ndikudzifunsa kuti kodi anthu alipira ndalama zonsezi kuti amve phokoso? Kavinidwe kakenso n'kodumpha ndi kugwedeza mutu basi, chiuno sichigwira ntchito. Agogo akanaona akanati onse agwidwa ndi mizimu.

Koma amayi, kenaka woimba uja anasiya kuimba, n'kuloza maikolofoni kwa anthu. Holo yonse inapitiriza nyimboyo yokha, mawu onse, osaphonya ngakhale pamodzi, ena mpaka kulowetsa mawu achiwiri ngati kwaya ya pa Pasaka. Apa m'pamene ndinasiya kuyang'ana kunsanja n'kuyamba kuyang'ana anthu. Anamwino, madalaivala, ogulitsa m'masitolo, antchito a m'nyumba, mainjiniya, anthu amene masana amangoti "inde bwana" ndi kumwetulira, usiku umenewo amakuwa mitsempha ya m'khosi ili gwa. Amaimba m'chinenero chawo cha Tagalog, apa ndi apo akusakaniza Chingerezi, monga timachitira ife.

Chapakati bandiyo inaimba nyimbo za gulu lina lakale lotchedwa Eraserheads. Mnzanga anandikuwira m'khutu kuti gululi linayambidwa ndi ophunzira a pa University of the Philippines mu 1989, linabalalika mu 2002, ndipo aliyense amene anakula m'zaka za m'ma 1990 anakula ndi nyimbo zake. Mayi uja anayamba kulira. Osati kulira kobisa ayi, misozi chuchuchu, kwinaku akuimba, kwinaku akujambula ndi foni kuti atumizire ana ake. Ana amenewo akuleredwa ndi agogo awo, ndipo wamng'ono anamusiya asanayambe sukulu, pano ali ku sekondale. Kwawo nthawi ili patsogolo ndi maola 4, ndiye anawo anali m'tulo, koma iye amajambulabe. Ine nyimboyo sindinamvepo liwu ndi limodzi lomwe, koma pakhosi panandigwira. Ndinakumbuka inu, ndi wailesi ija ya bambo imene inkalira pa khonde nyimbo za malemu Lucius Banda.

Pakati pa nyimbo oimbawo amacheza ndi anthu, kuponya nthabwala, kufunsa kuti ndani wakhalitsa kunja. Manja anakwera a zaka 10, a zaka 20, ena kuposa pamenepo, anthu n'kumawaombera m'manja. Ine ndimangoseka poona ena akuseka.

Pobwerera tinaima pa kamalo kena kodyera, anandidyetsa nkhuku yophikidwa ndi viniga ndi adyo imene amaitcha adobo, ndi mpunga wambirimbiri. Ndi yokoma, ngakhale popanda nsima mimba imaona ngati yanamizidwa. Tikudya ndi pamene anandifotokozera zimene zakhala zikundizungulira m'mutu sabata yonseyi. Boma lawo linayamba kutumiza anthu kukagwira ntchito kunja mwadongosolo mu 1974. Ndinadabwa, chifukwa chaka chomwecho ndi chimene Kamuzu analetsa za Wenela ndege ija itagwa ku Francistown ndi anthu athu ochokera ku migodi, nkhani imene agogo aamuna ankaikamba kawirikawiri. Ife tinkatseka khomo, iwo ankatsegula. Lero ali ndi unduna wonse woona za anthu awo ogwira ntchito kunja, ndipo ndalama zimene amatumiza kwawo zimaposa madola 30 biliyoni pa chaka.

Sindikuti zonse n'zabwino ayi. Dziko limene amayi amalera ana awo pa foni lili ndi bala lake, ndipo iwo eni amanena zimenezi mosabisa. Koma pa zaka zonsezi aphunzira kusowa kwawo ali pamodzi. Ali ndi makatoni akuluakulu amene amadzaza pang'onopang'ono ndi sopo, nsapato, chokoleti ndi zovala, n'kutumiza pa sitima ya pamadzi kuti akafike Khirisimasi isanakwane. Ali ndi Misa m'chinenero chawo ku tchalitchi cha St Mary's. Watsopano akafika, amamupezera pogona ndi womuonetsa njira. Ndipo oimba awo amawatsatira kulikonse kumene ali. Ife Amalawi kuno tilipo ochepa, ndipo timakumana kwenikweni pakagwa zovuta, pa gulu la WhatsApp, kusonkha ndalama. Anzathu a ku Joni ndi ku Mangalande oimba akwathu amawayendera, koma kuno ku chipululu tikudikirabe. Ndalankhula ndi anyamata awiri a ku Mangochi kuti tiyambe kumakumana ngakhale kamodzi pamwezi, tiphike nsima ya ufa umene timaupeza m'masitolo a Amwenye, tiike nyimbo zakwathu. Avomera, tiona ngati mashifiti atilole.

Mng'ono wanga mumuuze kuti ndinamukumbuka kwambiri. Mnyamata amene amaimba gitala usiku umenewo sanali wamkulu kuposa iye, ndipo zala zake sizimaoneka. Kagitala kake ka chigubu kaja musamamukalipire nako, bola homuweki azimaliza kaye. Ndayamba kufunsa mitengo ya gitala yeniyeni yogwiritsidwapo kale ntchito, koma izi musamuuze, angasiye kugona.

Tsopano vuto ndi ili. Anzangawa sakhala opanda karaoke, zija zoimba pa maikolofoni motsatira nyimbo ya m'makina, ndipo pa phwando la tsiku lobadwa la mayi uja mwezi wamawa alamula kuti ine ndiimbe nyimbo yakwathu, apo ayi sindidya. Mukudziwa mawu anga mmene alili. Achemwali anditumizire mawu a nyimbo ija ya kwaya imene tinkaimba pa zokolola, ndime zonse, chifukwa ine ndatsala ndi kolasi yokha. Ngati angathe aijambulenso akuimba kuti ndikumbuke poyambira.

Mupereke moni kwa agogo, amalume ndi azakhali, alamu anga ndi ana onse. Mundiuze mmene mwendo wa agogo ulili, ndiponso ngati mbuzi ija inaswa.

Ndine mwana wanu,
wa ku Dubai