Galimoto yokhalitsa pamiyala musathamangire kuiliza

Akonzi,

Ndikupempha eni galimoto zimene zakhala zaka osayenda: musangoika batire n'kuliza injini. Petulo wokhalitsa amasanduka phula lotseka pampu ndi mapaipi, choncho khuthulani thanki yonse. Sinthani oyilo ndi fyuluta. Chotsani mapulagi, thirani supuni imodzi ya oyilo m'silinda iliyonse, mawa lake muzungulitse injini ndi sipanala, poti mapisitoni akhoza kukhala atagwidwa ndi dzimbiri. Lamba wa timing, amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni, msintheni ngakhale akuoneka wabwino. Akaduka, pa injini zambiri mavavu amapindika.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mabuleki. Brake fluid (mafuta a mabuleki) amayamwa chinyezi, ndiye mchotseni yense, muthire watsopano. Matayala ong'ambika m'mbali atayeni, ndipo fufuzani mawaya odyedwa ndi makoswe.

Wowerenga wanu,
Zomba