Kalata kwa amayi, patatsala masiku asanu kuti ndichitidwe opaleshoni

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo, achemwali ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino ndithu, ngakhale kuti titayankhulana pa foni ya kanema Lamlungu lija munaona nkhope yanga itagwa, ndipo ndinamva m'mawu anu kuti mtima wanu sunakhazikike. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mawu amadukaduka, moti inu munangomva zoti sindikudya, koma chifukwa chake simunachimve. Ndikupempha achemwali kuti akuwerengereni modekha, ndipo pamene simunamvetse abwerezenso.

Tsiku la opaleshoni yochepetsa chifu ija anandipatsa, ndipo ndi Lachiwiri likubwerali. Monga mukudziwa, ndakhala ndikulimbana ndi thupili kwa zaka zambiri. Pamene anandiyeza komaliza ndinkalemera makilogalamu 118, ndipo nambala imene amaitcha BMI, yomwe amaipeza poyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, inali 44. M'zipatala zambiri opaleshoni yotereyi amaiganizira munthu akafika pa 40, kapena pa 35 ngati ali ndi matenda ena obwera chifukwa cha kunenepa, ndipo ine ndili ndi awiri: shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Dokotala adzachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu changa, n'kusiya kachigawo kakatali, kopapatiza, kamene kadzidzadza ndi chakudya chochepa.

Chimene chachititsa kuti ndichepetse kudya panopa, opaleshoni isanachitike, ndi chiwindi. Nanenso ndinadabwa nditamva zimenezi, popeza chimene akufuna kudula ndi chifu. Katswiri wa zakudya wa kuchipatala, mayi woleza mtima kwambiri, anandifotokozera poika dzanja lake lamanzere patebulo n'kuliphimba ndi lamanja, nati: dzanja lapansili ndi chifu, lapamwambali ndi chiwindi. Chiwindi chimakhala kudzanja lamanja, pansi pa nthiti, koma mbali yake ina imatambasuka n'kuphimba kumtunda kwa chifu, pomwe pali ntchito ya dokotala. Masiku ano sang'amba mimba yonse. Amaboola timabowo tating'ono, kawirikawiri tisanu, n'kulowetsamo kamera ndi zipangizo zazitali, ndipo kuti aone bwino amayenera kunyamula chiwindicho ndi kachitsulo n'kuchigwira chili m'mwamba mpaka atamaliza. Kwa anthu onenepa kwambiri chiwindi chimakhala chachikulu, cholemera ndiponso chodzaza mafuta, ndipo chiwindi chotere sichichedwa kung'ambika ndi kutaya magazi chikamakankhidwa. Anandiuza mosabisa kuti dokotala akapeza chiwindi chikumutchinga, opaleshoni imatenga nthawi yaitali, nthawi zina amakakamizika kung'amba mimba yonse, ndipo nthawi zina amangotseka timabowo tija osachita kanthu, munthu n'kudzuka ali ndi mabala koma chifu chili momwe chinalili. Mawu amenewa ndi amene amandilimbitsa njala ikandipweteka.

Ubwino wake ndi wakuti chiwindi chimachepa msanga. Chimasunga shuga wa m'thupi m'njira imene amaitcha glycogen, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imakhala ndi madzi okwana pafupifupi magalamu atatu. Munthu akasiya zakudya zotsekemera ndi kuchepetsa zokhutitsa monga buledi, mpunga ndi mbatata, thupi limayamba kudya nkhokwe imeneyo, madzi aja amatuluka, kenako mafuta a m'chiwindi nawonso amayamba kuchepa. N'chifukwa chake anthu ambiri amapatsidwa milungu iwiri, ngakhale kuti olemera kwambiri kuposa ine amapatsidwa inayi kapena kupitirira. Ine lero ndili pa tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo ndatsika ndi makilogalamu asanu, koma ambiri mwa amenewa ndi madzi. Nkhope yakugwa imene munaiona ija ndi imeneyo, si matenda ayi.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndikudya, kuti musaganize kuti ndikugona ndi njala. Pa tsiku ndiyenera kudya chakudya chopatsa mphamvu yokwana makalori 800 mpaka 1,000, pomwe munthu wamkulu wamkazi amafuna pafupifupi 2,000. Anandipatsa njira zitatu: kumwa mkaka wochotsedwa mafuta ndi yogati basi, kumwa zakumwa zapadera zolowa m'malo mwa chakudya, kapena kudya chakudya wamba koma choyeza. Ndinasankha yachitatuyi chifukwa ntchito yanga yosamalira okalamba ndi yoimirira ndi yonyamula anthu, ndipo ndinaona kuti popanda chotafuna mtima wanga ukanafooka msanga. M'mawa ndimadya dzira limodzi lowiritsa ndi yogati yopanda shuga. Masana ndimadya nyama ya nkhuku yochotsa khungu, yowotcha popanda mafuta, ndi masamba ambiri. Madzulo ndimadya nsomba ndi masamba, ndipo pakati pa tsiku ndimaloledwa kachipatso kamodzi kakang'ono. Ndinagula kasikelo ka m'khitchini, ndipo tsiku loyamba nditaika nyama n'kuona kuti magalamu 100 ndi kachidutswa kongokwana pachikhatho, ndinakhala pansi n'kumakayang'ana nthawi yaitali, chifukwa ndinazindikira kuti kwa zaka zonsezi ndinkadya katatu kuposa pamenepo popanda kudziwa. Nyama, mazira, nsomba ndi mkaka sandilola kudumpha, chifukwa thupi likasowa zakudya zomanga thupi limayamba kudya minofu yake, ndipo mabala sapola msanga. Ndimamwanso madzi malita awiri, tiyi wopanda shuga, ndi piritsi limodzi la mavitamini tsiku lililonse. Zakumwa zotsekemera, za gasi ndi mowa n'zoletsedwa.

Sindikubisirani kuti masiku atatu oyamba anali ovuta. Mutu unkandipweteka, ndinkachita chizungulire ndikadzuka mofulumira, m'kamwa munkatuluka fungo lachilendo limene amati limabwera thupi likayamba kutentha mafuta, ndiponso ndinadzimbidwa. Zonsezi anali atandichenjeza kale. Chimene chinandiopsa chinachitika usiku wa tsiku lachinayi ndili ku ntchito. Ndikukonza bedi la gogo wina, manja anayamba kunjenjemera ndipo thukuta lozizira linatsika kumsana. Ndinadzibaya chala n'kuyeza, kamakina kanaonetsa 3.7, pomwe shuga sayenera kutsika kupitirira 4. Ndinamwa kapu yaing'ono ya juwisi monga anandilangizira kuti ndizichita zikatero, ndipo patapita mphindi khumi ndi zisanu ndinali bwino. Kutacha ndinaimbira namwino wa matenda a shuga, ndipo anandisiyitsa limodzi mwa mapiritsi anga, la gliclazide, lomwe anali atachepetsa kale, chifukwa limatsitsa shuga ngakhale munthu asanadye mokwanira. Kuyambira tsiku limenelo sizinachitikenso. Ndalemba zimenezi makamaka chifukwa cha achemwali, amene anandifunsa kuti ndiwatumizire ndondomekoyi kuti nawonso ayesere. Achemwali, chonde musatero. Kadyedwe aka ndi ka milungu yowerengeka, koyang'aniridwa ndi achipatala, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi kangathe kumugwetsa pansi.

Anzanga a ku ntchito, mwa chikondi chawo, ankafuna kundikonzera chakudya chachikulu chotsanzikana ndi chifu changa Loweruka likubwerali. Ndinawathokoza koma ndinakana, chifukwa chakudya chimodzi chokha chochuluka chingathe kudzazanso nkhokwe ya chiwindi ija n'kuwononga zimene ndavutikira masiku onsewa.

Milungu iwiriyi ikundiphunzitsanso kadyedwe kamene ndidzakhale nako moyo wanga wonse. Ndikuphunzira kuluma pang'ono, kutafuna mpaka chakudya chitasalala, kukhala pa mbale mphindi makumi awiri kapena atatu, ndi kusamwa madzi pamene ndikudya, koma kudikira theka la ola. Chomalizachi ndiye chikundivuta kwambiri, popeza dzanja limangopita lokha ku kapu, moti tsopano kapuyo ndimaisiya kutali ndisanakhale pansi. Opaleshoni ikatha ndidzakhala pa zamadzimadzi zokha kwa milungu pafupifupi iwiri, kenako zophwanyaphwanya ngati za mwana, kenako zofewa, mpaka ndidzabwerere ku chakudya wamba pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Mavitamini ndidzamwa mpaka kalekale, ndipo magazi azidzandiyeza chaka ndi chaka.

Pa tsikulo ndidzasiya kudya maola asanu ndi limodzi ndisanalowe m'chipinda cha opaleshoni, ndipo madzi ndidzasiya kutatsala maola awiri, kuti za m'mimba zisabwerere ku mapapo ndili mtulo ta mankhwala. Mnzanga amene ndimakhala naye nyumba imodzi watenga tchuthi kuti andiperekeze, ndipo ndamupatsa nambala ya achemwali kuti aimbe ndikangotsitsimuka. Foni ikachedwa kulira musade nkhawa, chifukwa munthu amayamba wagona m'chipinda chotsitsimukira kwa maola angapo.

Amayi, ndikudziwa kuti kwa inu mwana amene sakudya ndi mwana wodwala, ndipo ndikudziwa kuti mukamandiuza kuti ndidyeko pang'ono mumanena chifukwa chondikonda. Pempho langa ndi lakuti masiku asanu otsalawa, tikamayankhulana, muzindifunsa ngati ndamwa madzi anga ndi ngati ndayeza shuga. Mundipempherere pamodzi ndi abambo Lolemba usiku.

Moni kwa onse pakhomo.

Ine mwana wanu wokukondani.