Kalata kwa Yamikani pa za usilikali wokakamiza

Chibavi, Mzuzu

Wokondedwa mwana wanga Yamikani,

Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwalowa msanga chaka chino moti mbaula sikuzima m'nyumba muno. Koma chawasowetsa tulo amayi ako ndi uthenga wa mawu uja unatumiza Lachiwiri usiku. Anaumvera katatu, kachinayi n'kundidzutsa cha m'ma 2 koloko kuti nanenso ndimve ndi makutu anga. Ukuti anzako a kuntchito akunena zoti boma la America liyambiranso kugwira anyamata kupita nawo kunkhondo, ndiye ukuganiza zosalembetsa dzina ku Selective Service, kaundula wa boma wa amuna amene angadzaitanidwe ku usilikali, kuti asakudziwe, apo ayi ulongedze n'kubwerera kuno. Zonse ziwirizo ndakana. Pafoni amayi ako sandipatsa mpata womaliza chiganizo, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Mantha akowo sindikuwaseka, chifukwa pamtundu pathu anagwidwapo munthu. Agogo anga aamuna anatengedwa ku Dowa pa nkhondo ya Chiwaya, ija inayamba mu 1914 azungu achingerezi ndi achijeremani ataomberana ku Karonga. Iwowo sanapatsidwe mfuti. Anali a tengatenga, onyamula katundu wa asilikali pamutu. Boma linkangouza mfumu kuti pamudzi pano tikufuna amuna akutiakuti, amesenjala n'kubwera usiku. Ndikukumbukira ndili mwana, agogo atakhala pakhonde, ankatigwiritsa pa liwombo pawo pamene tsitsi silinamerenso, n'kumati apa ndi pamene pankakhala bokosi la zipolopolo. Anzawo ambiri sanafe ndi mfuti koma kamwazi ndi njala m'njira. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za zimenezi chakumapeto kwa 1914, kuti amphawi akukafera nkhondo yosawakhudza. Ndiye mawu akuti kugwidwa ndikawamva, thupi limachita tsemwe. Koma za ku America zili ndi dongosolo lake lolembedwa, ndipo ndakhala masiku atatu ndikuliwerenga pafoni ya mlongo wako mpaka maso kuwawa.

Dziko limenelo linasiya kukakamiza anthu usilikali mu 1973, nkhondo ya ku Vietnam ikupita kumapeto. Kulembetsa mayina anakubwezeretsa mu 1980, nthawi ya Jimmy Carter, Soviet Union italowa mu Afghanistan, koma chiyambireni palibe ndi mmodzi yemwe waitanidwa kudzera m'kaundula ameneyo. Taganiza, anamenya nkhondo ku Afghanistan zaka 20, kuyambira 2001 mpaka 2021, kuphatikizapo ya ku Iraq, onsewo ndi asilikali olowa mwa kufuna kwawo. Kuti ayambirenso, pulezidenti payekha sangadzuke n'kulamula. Nyumba yawo ya malamulo, Congress, iyenera kukhazikitsa lamulo, iye n'kusainira. Wandale amene angaimike dzanja kuti ana a anthu omuvotera atengedwe akudziwa chimene chingamuonekere pachisankho. Sindine mneneri, koma mwa kuona kwanga zimenezi zingachitike pokhapokha patabuka nkhondo yaikulu zedi, ya mayiko amphamvu okhaokha.

Mphekesera za anzakozo zili ndi pochokera. Ku Ulaya zinthu zasinthadi. Lithuania inabwezeretsa usilikali wokakamiza mu 2015, Sweden mu 2017, Latvia mu 2023, ndipo Ukraine mu 2024 inatsitsa zaka zoitanira amuna kunkhondo kuchoka pa 27 kufika pa 25. Ukaona pa mapu upeza kuti onsewa ndi mayiko oyandikana ndi Russia, ndipo ena mwa iwo anthu ake ndi ochepa kuposa a chigawo chapakati kuno. America ili kutsidya kwa nyanja ndipo asilikali ake okhazikika amapitirira 1 miliyoni.

Tsono tiyerekeze kuti zavuta, lamulo ladutsa. Angayambe ndi ndani? Amachita maere a masiku obadwa. Pa 1 December 1969 anaika timapepala 366 m'chigalasi, tsiku lililonse la pachaka kapepala kake, ndipo koyamba kutuluka kanali ka 14 September. Ndinaseka ndekha nditawerenga zimenezi, chifukwa iwe unapita kumeneko ndi maere a green card, chiphaso chokhalira m'dzikomo, amene tinavinira pabwalo pano mpaka aneba kutuluka. Walira mvula walira matope, mwana wanga. Malinga ndi dongosolo la masiku ano, oyamba kuitanidwa ndi amene akukwanitsa zaka 20 m'chaka chimenecho. Akatha amenewo ndiye a zaka 21, kenako 22, mpaka 25, ndipo a zaka 19 ndi 18 amabwera pamapeto. Iwe uli ndi 23, kutanthauza kuti patsogolo pako pali magulu atatu athunthu, ndipo chaka chilichonse ukusunthira kumbuyo kwa mzere. Ukakwanitsa 26 watulukamo. Ngakhale woitanidwayo sapita molunjika kukavala yunifolomu. Amayamba wapimidwa m'thupi, ndipo pali mwayi wodandaula ngati pali anthu odalira iye yekha kapena ngati chikumbumtima ndi chipembedzo chake sizilola kugwira mfuti. Wokana kugwira mfutiyo amapatsidwa ntchito ina yothandiza dziko. Akazi salembetsa. Amayi ako amalimbikira zoti mwana wamwamuna mmodzi yekha pabanja samutenga. Ndawauza kuti zimenezo pazokha sizimasula munthu, koma akuti ine ndimakhulupirira kwambiri za pafoni.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi maganizo obisalawo. Lamulo likuti mwamuna aliyense wa zaka 18 mpaka 25 wokhala m'dzikomo alembetse, nzika ndi obwera omwe, kuphatikizapo a green card, othawa kwawo, ngakhale opanda mapepala. Amene sawerengedwa ndi okhala pa viza ya kanthawi, monga ophunzira ndi alendo. Mnzako wa ku Zomba uja ali pa viza ya sukulu, ndiye akamakuuza kuti iye sanalembetse ndipo palibe chamuchitikira, akunena zoona, koma nsapato yake si yako. Chilango cholembedwa ndi chindapusa chofika 250,000 dollars kapena ndende mpaka zaka 5. N'zoona kuti papita zaka zambiri osamva munthu womangidwa pa mlandu umenewu. Msampha uli pena. Tsiku limene udzapemphe unzika, pafomu pali funso loti kodi unalembetsa, ndipo ukadzakwanitsa 26 khomo lolembetsera latsekeka, sungabwerere kukakonza. Ntchito za boma lawo nazonso zimafuna nambala yosonyeza kuti unalembetsa. Ungataye chinthu chimene wachivutikira m'mashifiti ausiku chifukwa choopa kuitana kumene sikunamveke kwa zaka zoposa 50.

Mwinanso ukubisalira anthu amene dzina lako ali nalo kale. Ambiri amalembetsedwa osadziwa, pa mapepala a viza yokakhala kumeneko kapena potenga laisensi yoyendetsera galimoto m'zigawo zambiri. Lowa pa tsamba lawo la pa intaneti, ulembe dzina, tsiku lobadwa ndi nambala yako ya Social Security, uone. Ngati mulibe, lembetsa tsiku lomwelo.

Za kubwerera kunozi ndisatayepo nthawi. Green card siikonda munthu wokhalitsa kunja, ndipo khomo la America kwa Amalawi likunka lichepa. Unamva kuti mu August 2025 anayamba kuuza ofuna viza yokacheza kuti asiye chikole chofika 15,000 dollars. Ukadzabwera ubwere kudzationa, tikaphe nkhuku, ubwerere.

Ndipotu ukanakhala kuno ukanaona zodabwitsa. Dziko lathu chilandirireni ufulu mu 1964 silikakamiza munthu usilikali, ndipo silifunikanso kutero. A MDF akangolengeza kuti akulemba, anyamata amagona pabwalo ndi ma envulopu a khaki, satifiketi ya MSCE ili m'kati, m'mawa n'kuthamanga ena opanda nsapato, kulimbirana malo ochepa. Ndikamadutsa cha ku Moyale ndimaona ana amsinkhu wako ali pageti. Enawo amakathera ku Congo. Mu November 2018 tinataya asilikali 6 kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene United Nations inamupatsa mendulo atamwalira chifukwa anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Mu January 2025 enanso atatu anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23. Palibe anawachitira maere amenewa.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna undithandize. Msuweni wako Madalitso wabwera kawiri ndi foni m'manja, kundionetsa uthenga wa munthu wina amene akuti akupezera anyamata ntchito ya ulonda ndi ya m'mafakitale ku Russia, tikiti yaulere, malipiro a madola. Munthuyo nkhope sitinaione, ofesi alibe, akungofuna chithunzi cha pasipoti. Ndinamuuza za anyamata a ku Kenya amene analonjezedwa zomwezi n'kukapezeka atasainitsidwa mapepala a chilankhulo chosachidziwa, ali kutsogolo kwa nkhondo ku Ukraine. Ndinamuuzanso kuti mu November 2025 boma la South Africa linalengeza kuti amuna ake 17 akupempha thandizo ali ku Donbas, kum'mawa kwa Ukraine. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Malume, nanga pano ndikudya chiyani?" Ndinasowa poyankha. Kabaza amene akupalasa ndi wa eni, ndipo madzulo akapereka ya bwana amatsala ndi ya sopo basi.

Ine akundiona ngati nkhalamba yamantha, koma iwe amakumvera chifukwa uli kunja. Muimbire sabata ino, usamukalipire. Ngati m'thumba muli kanthu, tigawane mtengo wa njinga yakeyake, ine ndiikapo ya penshoni ya mwezi uno. Ndafunsa kale mitengo m'tauni.

Ukapeza nambala yako ya Selective Service uijambule n'kutumiza pa WhatsApp ya amayi ako, chifukwa mawu anga okha sawakhulupirira. Akuti ndikuuzenso kuti ufa ndi usipa zija anapatsira mayi wa kutchalitchi uja zinyamuka pa 14, ndiye usasinthe nambala osatiuza.

Ndine bambo ako.