Lipoti la maphunziro a ku Braamfontein okhudza kukonza makompyuta athu kudzera pa terminal

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Pa msonkhano wathu wa ku Rosettenville munagwirizana kuti ndikakhale nawo pa maphunziro a tsiku limodzi a anthu ogwiritsa ntchito Linux (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta), amene anachitika ku Braamfontein mumzinda wa Johannesburg Loweruka lapitali. Munandituma kuti ndikafunse njira yothetsera vuto la makompyuta 6 a m'chipinda chathu chophunziriramo, amene Lolemba lililonse timawapeza atasokonezeka chifukwa ana athu ndi ena odzalemba makalata ofunsira ntchito amasintha zithunzi, kiyibodi ndi zina monga akufunira, kenako munthu mmodzi amataya madzulo onse akubwezeretsa zinthuzo ndi mausi, kompyuta imodziimodzi.

Kupatula yakale ya pakona, makompyuta athu ali ndi Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ndipo nkhope imene timaiona tikayatsa ndi ya GNOME, imene Ubuntu anabwererako mu 2017. Aphunzitsi anatifotokozera kuti zambiri zimene munthu wasintha pa masetingi zimakalembedwa mu fayilo imodzi yotchedwa ~/.config/dconf/user, imene siwerengeka ndi maso ngati kalata. Njira imeneyi yosungira masetingi, yotchedwa dconf, inakhazikika ndi GNOME 3 mu 2011, pamene inalowa m'malo mwa GConf yakale. Khomo lolowera mu fayiloyo ndi lamulo la gsettings, ndipo zimene mausi amachita tingazichite polemba mzere umodzi pa terminal, windo lolemberamo malamulo, kuphatikizapo zina zimene pawindo la masetingi sizioneka n'komwe.

Atandikhazika pa kiyibodi, ndinalemba gsettings get org.gnome.desktop.session idle-delay ndipo kompyuta inayankha kuti uint32 300. Amenewo ndi masekondi, kutanthauza mphindi zisanu, ndipo nthawi yomweyo ndinakumbukira amayi athu a kalasi ya Lachitatu, amene sikirini imawazimira akadamvetsera malangizo, iwo n'kumaopa kuti aononga chipangizo cha gulu. Pochotsa get n'kuika set, ndi kulemba 900 kumapeto, nthawiyo inakhala mphindi 15. Chimodzimodzinso text-scaling-factor ya mu org.gnome.desktop.interface, imene mukaipatsa 1.25 zilembo zonse zimakula pompopompo, maso a akuluakulu n'kupumako. Mukalakwitsa, reset imabwezera chinthucho mwakale.

Ndiulule kuti inenso ndinapunthwa pamaso pa anthu. Mwachizolowezi ndinayamba lamulo ndi sudo, poganiza kuti ndikulipatsa mphamvu, koma pasikirini panga sipanasinthe kanthu ngakhale ndinabwereza katatu. Mnyamata wina amene tinakhala naye benchi imodzi ndiye anandiuza kuti masetingiwa ndi a munthu aliyense payekha, choncho sudo imakagogoda pakhomo la root, akaunti yoyang'anira kompyuta yonse, osati la amene walowa pakompyutayo.

Funso limene linandivuta poyamba linali lakuti munthu angadziwe bwanji maina ataliataliwa. Yankho lake ndi dconf watch /, lamulo limene mumalisiya likuyenda, inu n'kupita kukasintha chinthu ndi mausi monga mwa masiku onse, ndipo dzina la chimene mwakhudzacho limatulukira pa terminal pamodzi ndi mtengo wake watsopano. Sipafunika kuloweza.

Panthawi yopumula ndinafunsa za chilembo chathu cha ŵ, chimene pa makiyibodi ogulidwa kuno kulibe. Ndikudziwa kuti ambiri masiku ano sachivekanso kachipewa, koma alipo pakati pathu amene safuna kuona Malaŵi atalembedwa mutu uli pamtunda, makamaka pa mapulogalamu a maliro ndi a ukwati. Lamulo lake ndi gsettings set org.gnome.desktop.input-sources xkb-options "['compose:ralt']", ndipo mukatero mumadina Alt wakumanja, kenako ^, kenako w. Aphunzitsi anandichenjeza kuti lamuloli limafufuta zimene zinalipo kale pamndandandawo, choncho ndi bwino kuyamba mwaona ndi get.

Tsopano ndifike pa chimene munanditumira. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukonza kompyuta imodzi bwinobwino, kutapa masetingi ake ndi dconf dump / n'kuwasunga mu fayilo pa fulashi, kenako kukawathira mu ena aja ndi dconf load /. Ndi yachangu, koma imanyamula mpunga ndi mankhusu omwe, monga kukula kwa mawindo ndi mafoda amene wina anatsegula dzulo, komanso mwana akhoza kusinthanso zonse mawa lake. Pamwamba pa apo, dconf siyesa ngati chimene mwalembacho chili choyenera monga imachitira gsettings.

Njira yachiwiri ndi imene ndikuipereka kwa inu kuti tiitsatire. Mu fayilo ya /etc/dconf/profile/user timalembamo mizere iwiri, user-db:user ndi system-db:local. Masetingi amene gulu lagwirizana timawalemba mu fayilo ya m'foda ya /etc/dconf/db/local.d, ndipo amene sitifuna kuti munthu awakhudze timawatchula m'foda ya locks ya momwemo, n'kumaliza ndi dconf update. Apa pokha ndiye sudo ili m'malo mwake. Munthu akatuluka n'kulowanso, zokhomedwazo sangazisinthe ngakhale atadziwa gsettings.

Pa nkhani ya kukhoma panali kusiyana maganizo, pakuti ena amene amayang'anira makompyuta a m'masukulu amakhoma pafupifupi chilichonse. Ine sindikuona kuti zimenezo zingatiyenere, popeza chipinda chathu ndi chophunziriramo ndipo munthu saphunzira pa chinthu chimene chikumukana paliponse. Ndikupempha kuti tikhome zitatu zokha: chithunzi cha pasikirini, kiyibodi ndi nthawi yozimira. Kukula kwa zilembo kukhale kotsegula, chifukwa maso a agogo ndi a mwana wa Grade 7 si amodzi.

Dziwaninso kuti zonsezi sizikhudza Firefox, imene imasunga masetingi ake payokha, ndiponso sizithandiza mokwanira pa kompyuta yakale ija ya pakona imene ili ndi nkhope ina yotchedwa Xfce, chifukwa iyo imamvera lamulo lina lotchedwa xfconf-query. Imeneyo ndidzaiona padera.

Komiti ikavomereza, ndikupempha makiyi a chipinda Loweruka likubwerali kuyambira 9 koloko m'mawa, pasiwedi ya woyang'anira makompyuta, ndi achinyamata awiri oti tidzagwirire limodzi ntchitoyi kuti isadzakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Tidzayamba ndi kompyuta ya pafupi ndi khomo, ndipo enawo tidzawakhudza amayi a Lachitatu akaiyesa. Ndalama ya thiransipoti imene inatsala ndaibweza kale kwa a msungichuma.

Ine nthumwi yanu.